Anthu a m'katuni yanu azilankhula ngati ali mu minibasi

Mnyamata wina wa ku Zomba watumiza imelo. Akujambula nthano ya makatuni ya masamba 12 yoti aike pa Facebook, ndipo anzake akumuuza kuti anthu ake amalankhula ngati owerenga nkhani pa wailesi. Akufunsa ngati ayike Chichewa cha mumsewu, komanso ngati ajambule motsanzira manga (makatuni a ku Japan) kapena makatuni a m'nyuzipepala.

Achimwene, anzanuwo akunena zoona, ndipo vutoli limagwera pafupifupi aliyense woyamba. Timalemba mawu a m'baluni, kamzere kozungulira zomwe munthu wa m'katuni akunena, ndi dzanja lomwe tinkalembera chimangirizo kusukulu. Kondakitala wanu akati "Kodi mungandipatseko ndalama yolipirira ulendo?" wowerenga amadziwa kuti akumva mlembi. Kondakitala weniweni amangoti "Kumbuyo uko, tione!" Mtsikana safunsa mnzake "Kodi ukupita kuti panopa?", amati "Wakuti?" Mnzakeyo sayankha kuti "Sindikudziwa", amati "Kaya." Lembani mzere uliwonse, muuwerenge mokweza, kenako mudule mawu onse omwe lilime lawadumpha. Timawu monga eti, nanga, tere, asa, iii, ndi timene timanyamula mtima wa wolankhula, ndiye musatitaye.

Chida champhamvu kwambiri chomwe Chichewa chakupatsani ndi iwe ndi inu. Mayi amene wakhala akuti "bambo a Mphatso, mwabwera?" m'mabokosi asanu a zithunzi, kenako m'bokosi lachisanu ndi chimodzi n'kuti "Iwe, unali kuti?", wowerenga amaona moto popanda inu kujambula nkhope yolusa. Mkamwini akamalankhula ndi apongozi, mawu ake atalike, azungulire, akhale aulemu wosefukira, akangotuluka panja n'kukumana ndi mnzake, akhale "Aise, zavuta." Nthabwala ili pa kusinthako.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, mawu a achinyamata amatha msanga. Bho, aise ndi dolo akhalitsa, koma liwu lomwe latchuka pa WhatsApp mwezi uno likhoza kukhala litazizira chaka chamawa. Ikani limodzi kapena awiri pa munthu mmodzi, akhale chizindikiro chake. Aliyense akamalankhula ngati mnyamata wa pa depoti, agogo ndi abusa omwe, anthu anu onse amasanduka munthu mmodzi. Chachiwiri, musasakanize malo mosadziwa. Wa ku Lusaka amati "nifuna", wa ku Lilongwe "ndikufuna", ndipo owerenga amamva kusiyanako pompo. Kuti chilankhulo cha mumsewu chimagwira ntchito tinaona ku Kenya, kumene Shujaaz, yomwe inayamba mu 2010, imalembedwa m'Sheng, chilankhulo cha achinyamata a ku Nairobi.

Za kukula kwa baluni: mawu a Chichewa ndi aatali, "sindinakuuzeni" yekha amadya mzere wonse. Yesetsani kusapitirira mawu 10 kapena 12 pa baluni, ndi mabaluni awiri pa bokosi. Lembani mawu kaye, kenako muzunguze baluni, chithunzi chibwere pomaliza. Mukayamba ndi chithunzi mudzapanikiza zilembo mpaka sizidzawerengeka pa foni. Wolankhula koyamba aime kumanzere, chifukwa diso limayambira kumeneko. Ndipo BOOM ndi CRASH asiyeni. Mbale ikagwa ndi phwaa, munthu akagwa ndi khuu, anthu akamwazikana ndi balala, nyumba ikakhala chete ndi zii. Mvekero ndi chuma chomwe ojambula a zilankhulo zina amachita kupeka.

Tsopano kajambulidwe. Katuni ya m'nyuzipepala, ya mabokosi atatu kapena anayi, mitu ikuluikulu ndi mizere yochepa, imakoma chifukwa ndi yachangu: oyambawo amatchera msampha, lomaliza limafwamphula. Imafuna mawu afupi, akuthwa. Kalembedwe ka Hergé wa ku Belgium, yemwe anayamba Tintin mu 1929, kali ndi mzere wofanana kunenepa paliponse, kopanda mithunzi yambiri, ndipo kumbuyo kumajambulidwa mosamala, moti msika wa Zomba ungaoneke ndi mulu uliwonse wa tomato. N'kokongola koma kumadya nthawi. Manga ya ku Japan nthawi zambiri imakhala yakuda ndi yoyera, imawerengedwa kuchokera kumanja, ndipo mphamvu yake ili pa nkhope ndi pa mabokosi opanda mawu. Mtsikana akhoza kuyang'ana foni mabokosi atatu osanena kanthu, wowerenga mtima uli m'mwamba. Tengani kuleza mtimako, koma tsamba lanu liyambire kumanzere. Maso aakulu ndi mphuno ya kadontho musakopere mwachimbulimbuli, apo ayi anthu anu sadzaoneka ngati a ku Chinamwali.

Pa masamba 12 a pa Facebook, ine ndingasankhe mizere yochepa ya katuni ya m'nyuzipepala, n'kubwereka kwa manga bokosi lachete limodzi pa tsamba. Chithunzi chimodzi choika pa Facebook chisapitirire mabokosi anayi. Ngati mudzafuna kuchita fotokope, pewani mithunzi yotuwa, imatuluka ngati matope. Gwiritsani inki yakuda bii. Musanaike pa intaneti, tumizani tsamba limodzi pa foni yaing'ono, mupatse munthu amene sadziwa nthanoyo aliwerenge mokweza. Pomwe wapunthwa kapena wachita kukulitsa chithunzi ndi zala, baluni imeneyo muilembenso.