Mutu wa mwana uli bwino pa sikani, nanga maso ake?

Mayi wina woyembekezera wanditumizira imelo. Akuti mimba ili ndi miyezi iwiri anatuluka totupa pakhungu, maso anafiira, thupi linatentha pang'ono, ndipo atayezedwa anapezeka ndi kachirombo ka Zika. Tsopano mimba yakwana miyezi isanu ndi iwiri ndipo sikani ikuonetsa kuti mutu wa mwana ukukula bwino. Funso lawo ndi lakuti, kodi zimenezi zikutanthauza kuti maso a mwanayo nawonso apulumuka?

Amayi, kuti mutu ukukula bwino ndi nkhani yabwino, ndipo muli ndi chifukwa chokhalira ndi chiyembekezo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwa ana 100 obadwa kwa amayi amene anatenga Zika ali ndi pakati, ana 5 mpaka 15 ndi amene amaonetsa mavuto obwera ndi kachiromboka. Ambiri amabadwa bwinobwino. Koma sindingakuuzeni kuti maso ali bwino chifukwa cha sikani yokha. Sikani imayeza kukula kwa mutu ndi kuona maonekedwe a ubongo, koma siona zipsera zazing'ono za mkati mwa diso.

Diso ndi ubongo n'zachibale kuposa mmene ambiri timaganizira. Cha m'sabata yachinayi chiyambire moyo wa mwana m'mimba, ubongo umatulutsa timatumba tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, ndipo timeneti ndi timene timasanduka retina, kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala. Mtsempha wotumiza zimene diso laona kupita ku ubongo umachokeranso pomwepo. Zika akadutsa kuchoka m'magazi a mayi n'kufika kwa mwana, amakonda kulowa m'maselo aang'ono amene akugawikana kuti apange ubongo, n'kuwapha kapena kuwalepheretsa kuchulukana. Popeza retina imapangidwa ndi maselo a mtundu womwewo, nayonso imakhudzidwa. N'chifukwa chake miyezi itatu yoyambirira ndiyo yoopsa kwambiri, ngakhale kuti kachiromboka kangavulaze mwana pa nthawi ina iliyonse ya mimba.

Kachiromboka kanadziwika koyamba mu 1947, pa nyani wa m'nkhalango ya Zika ku Uganda, ndipo kwa zaka zambiri kankaonedwa ngati kachirombo kosaopsa. Zinthu zinasintha mu 2015 pamene ana ambiri kumpoto chakum'mawa kwa Brazil anayamba kubadwa ndi mitu yaing'ono. Pa 1 February 2016, WHO inalengeza kuti vutoli ndi ngozi yokhudza dziko lonse. Madokotala a maso ku Recife, mzinda wa ku Brazil komweko, ndiwo anali m'gulu loyamba kulemba za zipsera pakati penipeni pa retina ya makandawa, pamalo amene timaonera bwino nkhope ya munthu kapena zilembo. Ku Salvador, mzinda winanso wa ku Brazil, mwa makanda 29 a mitu yaing'ono amene anayezedwa, 10 anapezeka ndi vuto m'maso. Ena mtsempha wa diso unali wochepa kapena wofwifwa. Mwa ana ena kwapezekanso ng'ala, diso laling'ono, maso osayang'ana mbali imodzi ndi maso ogwederagwedera. Palinso ana amene diso lawo lili bwino koma saona bwino chifukwa mbali ya ubongo yomasulira zooneka inawonongeka.

Chimene chikundichititsa kuti ndikulembereni motalika chonchi ndi ichi: zipsera za m'maso zapezekapo ngakhale mwa ana obadwa ndi mutu wabwinobwino. Khanda silinganene kuti silikuona bwino, ndipo diso lokhala ndi chipsera mkati limaoneka lokongola kunjaku. Ndimamva chisoni ndikaganiza za mwana amene vuto lake ladzadziwika mochedwa chifukwa chakuti aliyense anangoyang'ana kukula kwa mutu.

Choncho uzani azamba ndi dokotala wa ana kuti munapezeka ndi Zika, ndipo zilembedwe m'buku lanu. Mwana akabadwa, asanathe mwezi umodzi aonedwe ndi dokotala wa maso. Amadontheza mankhwala otsegula kamwana ka diso, kenako amaunika mpaka kumbuyo. Apimenso makutu. Ngakhale zonse zitapezeka bwino, muzipita nayebe kokayezetsa pamene akukula, chifukwa mavuto ena amaonekera pambuyo pake.

Chipsera cha pa retina sichichira, apa sindikubisirani. Koma ubongo wa khanda umaphunzira kuona m'miyezi ndi zaka zoyambirira, ndipo thandizo likabwera msanga limasintha zambiri. Magalasi athandiza ana ambiri otere, ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, ndipo pali akatswiri ophunzitsa mwana kugwiritsa ntchito kuona kumene ali nako.

Kwa amayi ena amene mukuwerenga: katemera wa Zika kulibe, ndipo anthu ambiri otenga kachiromboka samva chizindikiro chilichonse. Udzudzu wa Aedes umene umakafalitsa umaluma kwambiri masana, choncho neti ya usiku yokha siikwanira. Valani zofika m'manja ndi m'miyendo, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu, tayani madzi ongokhala m'zitini ndi m'matayala. Kachiromboka kamafalanso pogonana, ndiye ngati bambo akuchokera kumene kuli Zika, agwiritse ntchito kondomu mpaka mwana atabadwa.