Ana a Giredi 2 andithetsa nzeru

Azakhali,

Uphunzitsi ndinaphunzira kwathu ku Malawi, ndipo mu Januwale ndinayamba ntchito pasukulu ina ya pulaimale ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Anandipatsa Giredi 2. Ana amalongolola m'Chizulu ndi m'Chisutu, ine n'kumangoti kakasi. Lachiwiri kamnyamata kena kanakwera pa desiki n'kuyamba kuvina ndili mkati mophunzitsa kuchotsera. Dzanja linandiyabwa, koma ndinaugwira mtima. Kunyumba ndimafika mawu atasasa. Kodi ndingoisiya ntchitoyi?

Mphunzitsi wotopa

Mwana wanga,

Unachita bwino kubweza dzanjalo. Lamulo la sukulu la dziko lino, la chaka cha 1996, limaletsa kukwapula mwana, ndipo bungwe la SACE, lomwe limalembetsa aphunzitsi, likhoza kukufufuta m'kaundula. Za tsatsa uiwaliretu.

Kukuwa nakonso usiye, ukungodzipha kukhosi. Omba m'manja katatu, iwo aziyankha kawiri, ndipo usayankhule mpaka kalasi itati zii. Sabata yoyamba adzakuseka, iwe osatekeseka. Phunzirako timawu tawo: "thulani" ndiye khalani chete, "hlalani phansi" khalani pansi. Ukatchula mokhotakhota adzakukonza okha, ndipo ana amakonda zimenezo.

Wovinayo mupatse ntchito. Azigawa mabuku, azifufuta bolodi, akhale kutsogolo pafupi ndi iwe. Mwina kuchotserako kukumuvuta, ndiye muyese ndi zitsekerero za mabotolo.

Zosiya ntchito tidzakambirana teremu yachiwiri ikatha, mu Juni. Pakadali pano funa mphunzitsi wamkulu mmodzi woti uzikhala naye pa buleki.