Chifukwa chake bilu imawerengedwa katatu

Mdzukulu wanga, wandifunsa kuti: "Agogo, aphungu amangotaya nthawi. Bilu imodzi amaiwerenga katatu, ndipo polankhula sayang'anana, amangoitana Sipikala. Ngati mbali ya boma ili ndi aphungu ambiri, bwanji osangovota tsiku lomwelo?" Funso lako ndi labwino, koma ndikuona kuti mtima wako ukuthamanga. Khala pansi.

M'maiko omwe adatengera dongosolo la ku Britain, bilu ikafika koyamba m'Nyumba ya Malamulo amangotchula mutu wake, palibe mtsutso. Aphungu amapita nayo kukaiwerenga. Kachiwiri ndi pamene nduna yomwe yaibweretsa imafotokoza cholinga, a mbali yotsutsa nawo n'kunena zakukhosi. Kenako imalowa m'komiti. Apa ndi pamene ine ndimapakonda, ngakhale pa kanema samapaonetsa kwambiri. Amaisenda ndime ndi ndime, liwu ndi liwu. Liwu limodzi lolembedwa mosasamala lingathe kutsekeretsa munthu wosalakwa m'ndende zaka zambiri mtsogolo, aphungu omwe adavota ataiwalika kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga. Kachitatu amavomereza kapena kukana bilu yonse.

Ikadutsa apo sinakhalebe lamulo. Ku Britain imapitanso ku nyumba yachiwiri, House of Lords, kenako kwa mfumu. Ku America pulezidenti angathe kuikana, ndipo kuti ipose kukana kwakeko pamafunika magawo awiri mwa atatu a mavoti m'nyumba zonse ziwiri.

Tsopano za Sipikala. Phungu akamalankhula kudzera kwa mwini mpando, mkwiyo wake umazizira usanafike kwa mnzake. Sanena kuti "iwe", amati "olemekezeka". Akatukwana amauzidwa kubweza mawu, akakana amatulutsidwa. Mpandowu sunapeze ulemu wake mophweka. Mu 1642 mfumu Charles I idabwera ndi asilikali n'kulowa m'House of Commons, nyumba ya aphungu osankhidwa ya ku England, kudzagwira aphungu asanu. Itafunsa Sipikala William Lenthall komwe anthuwo ali, iye adakana kuwaulula, ponena kuti ndi wantchito wa Nyumbayo ndipo amalankhula zokhazo zomwe Nyumba yamutuma. Tangoganiza kulimba mtima kwake, mfumu ili pamaso pake! Kuyambira pamenepo mfumu ya ku Britain silowanso m'chipinda chimenecho aphungu akamakambirana.

Sindikubisira, aphungu ena amanyoza mwambowu. Amakuwizana, amajomba, ena amavota bilu asanaiwerenge chifukwa chipani chalamula. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa mpando womwe akhalapo ndi wa anthu omwe adaima pamzere kuwasankha. Koma usati poona phungu wopanda khalidwe nawenso uyambe kutukwana pa Facebook, kapena kufuna kuti malamulo azipangidwa usiku umodzi. Lero ochulukawo ndi omwe umawakonda, mawa adzakhala ena, ndipo udzafuna kuti aphungu ochepa omwe akuyankhulira iwe apatsidwe mpata.

Zonse zomwe phungu wanena m'Nyumbamo zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard. Ulifufuze, uone ngati phungu wa dera lako adatsegulako pakamwa chaka chino, ndipo adanena chiyani. Komiti ikaitana anthu kuti apereke maganizo pa bilu, iwerenge kaye, usankhe ndime yomwe ikukukhudza, ulembe kalata yaulemu yotchula nambala ya ndimeyo ndi mawu omwe ukufuna asinthidwe. Ukailemba ubwere nayo kuno tiiwerengere limodzi usanaitumize.