Tanthauzo ndi chiyambi cha mawu akuti "speciosity"

Mwafunsa kuti mawu akuti "speciosity", amene mwakumana nawo powerenga nkhani ya Chingerezi, amatanthauza chiyani ndipo anachokera kuti. Mawuwa sapezekapezeka ngakhale pakamwa pa eni chinenerocho. Amene amamveka kawirikawiri ndi mnzake wakuti "specious", ndipo onsewa amanena za mfundo yokoma m'khutu, imene munthu amaivomera msanga, koma akaiunika mofatsa n'kupeza kuti ilibe phata.

Muzu wake ndi wa Chilatini. Mneni wakuti "specere" ankatanthauza kuyang'ana, kuchokera pamenepo panabadwa "species", kutanthauza maonekedwe, kenako "speciosus", kutanthauza chokongola. Poyamba munalibe chinyengo chilichonse m'mawuwa. Pa Machitidwe a Atumwi 3:2, pamene munthu wolumala ankapemphetsa pakhomo la Kachisi lotchedwa Lokongola, Baibulo la Chilatini la Vulgate limatcha khomolo "Speciosa". Mawuwa atalowa m'Chingerezi cha m'ma 1400 ankatanthauzabe kukongola, ndipo m'zaka za m'ma 1600 ndi pamene anayamba kuloza kukongola kwapamwamba pokha, kobisa choipa chamkati.

Kusinthaku n'kumene kumandichititsa chidwi, chifukwa makolo athu anafika pa ganizo lomweli poyang'ana mtengo. Amene anang'ambapo nkhuyu yakupsa, yofiira bwino kunja, n'kupeza tizilombo tikuyendayenda mkati, amamvetsa mwambi uja wakuti chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Tiyerekeze kuti munthu wina akunena kuti agogo ake ankasuta chingambwe tsiku lililonse koma anamwalira atakalamba kwambiri, choncho fodya sawononga thupi. Mawu akewo akhoza kukhala oona ndithu pa za agogowo, ndipo omvera angagwedeze mitu, koma moyo wa munthu mmodzi sungafafanize umboni wa anthu ochuluka amene fodya anawadwalitsa mapapo. Mfundo yotereyi ndiyo imatchedwa "specious", ndipo khalidwe lake lonyengalo ndilo "speciosity".

Chonde musawasokoneze ndi "spurious", amene ambiri amawayesa ofanana. Amenewo anachokera ku "spurius", mawu a Chilatini onena za mwana wobadwa kunja kwa banja, ndipo amanena za chinthu chimene gwero lake ndi labodza, monga chikalata chopeka. Chikalatacho chikhoza kukhala chosakhutiritsa n'komwe, pamene mfundo ya "specious" imayenera kukhala yokopa kuti iyenere dzinalo.