Chishalo cha njinga yampikisano chikundipweteka, kodi ndichisinthe?

Funso: Akonzi, ndagula njinga yampikisano, ija ya matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi, kuti ndizilimbitsira thupi. Chishalo chake n'chowonda ndiponso cholimba, moti ndikapalasa kuchoka ku Chilomoni kukafika ku Chileka ndi kubwerera, tsiku lotsatira ndimavutika kukhala pampando. Anzanga akuti ndiikepo chishalo chachikulu chasiponji ngati cha akabaza. Kodi ndiwamvere? Ndine bambo wa ku Chilomoni, Blantyre.

Yankho: Bambo, ndalama zanu musathamange nazo kusitolo. Chishalo chachikulu chimayenera munthu wopalasa atakhala chowongoka, pamene inu mumapalasa mutawerama, ndiye chotambalalacho chizikukhulani m'ntchafu nthawi iliyonse mwendo ukatsika. Siponji yofewa nayo imanyenga poyamba pokha: mafupa awiri amene munthu amakhalira amamira m'menemo, ndipo thupi limayamba kulemera pakati pa miyendo, pomwe pamadutsa mitsempha yosafuna kupanikizidwa.

Kawirikawiri cholakwika sichikhala chishalo, koma mmene chamangidwira. Imikani njinga pafupi ndi khoma, khalanipo, ndipo muike chidendene pa pedulo itafika pansi penipeni. Mwendo uyenera kuwongoka bwinobwino, kuti mukaponda ndi kutsogolo kwa phazi bondo lizipinda pang'ono chabe. Ngati chiuno chikupendekera uku ndi uku popalasa, chishalo chakwera kwambiri, ndipo kupendekerako ndi kumene kumasupula khungu. Okonda masamu angatsate njira imene inatchuka ndi Greg LeMond, yemwe anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990: yezani mwendo chamkati kuchokera pansi mpaka polekezera, musanavale nsapato, n'kuchulukitsa ndi 0.883. Mwendo wa masentimita 80 ukupatsani masentimita pafupifupi 70.6, kuyeza kuchokera pakati pa chitsulo chimene mapedulo amazungulirapo kufika pamwamba pa chishalo. Imeneyi ndi poyambira chabe, thupi lanu ndi limene lidzagamule.

Chishalocho chisaweramire kutsogolo kapena kudzuka. Ambiri akamva kupweteka amachiweramitsa, koma zotsatira zake amangotsetserekera kutsogolo, manja ndi mapewa n'kuyamba kulira. Mukamasintha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndi mamilimita ochepa, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Ngati pali choti mugule msanga, ndi kabudula wopalasira njinga, amene amakhala ndi kansalu kochindikala mkati. Amavalidwa popanda kabudula wina wamkati, ngakhale ambiri zimawachititsa manyazi akamva koyamba, chifukwa misoko ya zovala zamkati ndi imene imadya khungu. Muzimuchapa mukangofika kunyumba, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala, poti thukuta lotsalira limabweretsa zithupsa.

Komanso ulendo wa ku Chileka wakukulirani pakadali pano. Yambani ndi mphindi 30, muzipumula tsiku limodzi pakati, ndipo pakapita milungu ingapo thupi lidzazolowera. Muziimirira pa mapedulo pafupipafupi kuti magazi ayende. Zitunda za mu Blantyre zidzakukakamizani zokha, koma muzidzukanso pa mahampu ndi pa maenje m'malo mowalandira mutakhala.

Musiyanitse ululu wa mitundu iwiri. Kupweteka kwa pamafupa okhalira n'kwa wophunzira aliyense ndipo kumatha. Dzanzi la kumalo obisika silizolowereka ayi, ndipo mukalimva tsikani panjinga. Likamabwerabe mutakonza zonsezi, pamenepo sinthani chishalo. Khalani pa chidutswa cha katoni choika pamalo olimba, yezani mtunda wa pakati pa timaenje tiwiri timene mafupa asiye, n'kuwonjezera mamilimita pafupifupi 20 kuti mupeze mulifupi wa chishalo chokuyenerani. Zishalo zambiri zimapezeka za mamilimita 143 kapena 155, ndipo zina zimakhala ndi mpata pakati wochepetsa kupanikizika. Dzanzi likakhalitsa masiku angapo mutasiya kupalasa, kapena chithupsa chikatupa n'kuyamba mafinya, pitani kuchipatala musanakwerenso njingayo.