Mwati mumugulire foni mwana wa sitandade 7?

Kalata iyi yagona mu imelo yanga milungu itatu. Ndimati ndikaitsegula, n'kuiwerenga, n'kuitsekanso. Mayi wina wa ku Kasungu akuti aphunzitsi a mwana wawo wa sitandade 7 anatsegula gulu la pa WhatsApp, ndipo akumaponyapo mavidiyo a masamu ndi sayansi. Mwanayo akulirira foni yakeyake, bambo ake avomera kale, koma iwo mtima ukukana. Akufunsa kuti agule kapena ayi.

Mayi mnzanga, pepani kuti ndakuchedwetsani. Sikutanganidwa ayi. Mwandigunda pachilonda chomwe ndinkayesa kuti chinapola. Ine ndinagula.

Munali mu 2020. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo panalibe wodziwa tsiku lotsegulira. Ana a pulayimale anawaikira maphunziro pa wailesi, a sekondale n'kuwalozera ku intaneti. Mwana wanga wachisamba, mtsikana, anali fomu 2. Ineyo ndimaphunzitsa bayoloje pa CDSS ina kuno kummwera, ndiye ndinkadziona ngati wopenya kuposa makolo anzanga. Ndinatenga ngongole ku banki m'khonde n'kukagula foni yogwirapo kale ntchito kwa mnyamata wina pamsika. Pomupatsa ndinachita kumukhazika pamphasa ngati tili pachilangizo: iyi ndi ya sukulu, wamva? Iye amvekere, ndamva amayi.

Bandulo ya mwezi wathunthu inatha masiku anayi. Ndinanyoza kampani ya mafoni mpaka kukhosi kuuma, ati akutibera. Ndinagula ina, nayonso osachedwa. Usiku wina magetsi atazima ndinadzuka kukatseka mpopi womwe tinausiya chitsegulire podikira madzi, ndipo podutsa pakhomo pa chipinda cha atsikana ndinaona kuwala mkati mwa neti. Nthawi inali itapitirira 2 koloko. Mwana ali gada, foni pamphuno, akuonera filimu ya ku Korea ya zigawo zosatha zija. Manotsi omwe ndinamutsitsira ndi manja angawa anali chikhalire, osatsegulidwa ngakhale kamodzi.

Ndinalanda foniyo, ndipo ndinalankhula mawu omwe sindingawalembe pano. Milungu iwiri m'nyumba munali zii. Ankagwada bwinobwino popereka madzi osamba m'manja, ntchito zonse kugwira, koma maso pansi. Zakumtima kwake ndinazimvera kwa mng'ono wanga, yemwe anabwera kudzacheza n'kuperekezana naye kuchigayo. Pobwerako anandikokera kuseri kwa khitchini. "Achemwali, mwanayu akuti inu mumamuyankha maso ali pafoni. Akuti ngakhale pa nsima, foni yanu imakhala pambali pa mbale ya ndiwo." Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane. Foniyo inali m'manja mwanga nthawi yomweyo.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti phunziro limeneli ndinali nditalipeza kale kusukulu, koma ndinalisiya komweko pamodzi ndi choko.

Ku koleji anatiphunzitsa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zomwe zili pafupi nawe. Ndiye mutu wa kayendedwe ka magazi ukafika, ine ndimalawirira kwa opha mbuzi tsiku la msika kukagula mtima. Timaung'amba ndi lezala, ana n'kuona zipinda zinayi, n'kugwira ndi chala kuti khoma la chipinda cham'munsi kumanzere ndi lochindikala kuposa la kumanja, chifukwa ilo limakankha magazi kupita thupi lonse pomwe linzakelo limangowafikitsa kumapapo. Koma mtima wa mbuzi yakufa sugunda. Tizitseko tam'kati tija, ma valves, ana amationa tili lende ngati tinsanza, osamvetsa kuti timagwira ntchito yanji. Apa ndiye vidiyo imandiposa ine ndi bolodi langa, ndipo sindichita manyazi kuvomera.

Chaka china ndinabwereka laputopu, ndinatsitsa kavidiyo ka mphindi 6 koonetsa mtima ukugunda. Ana oposa 80 anaunjikana, akutsogolo kukhala pansi, akumbuyo kukwera pamadesiki. M'kalasi munali bata lomwe sindinalionepo chiyambireni ntchito. Ndinapita kunyumba ndikudzitama. Mawa lake ndinafunsa kuti magazi ochokera kumapapo amalowera chipinda chiti. Manja atatu okha. Enawo ankakumbukira kuti mzungu wofotokozayo amalankhulira m'mphuno, ndi kuti magazi ena anali abuluu. Mnyamata wina mpaka pa mayeso a teremu analemba kuti m'mitsempha ina mumayenda magazi abuluu. Ojambula amangopaka mtundu umenewo pofuna kusiyanitsa magazi omwe oxygen wachepamo, enieniwo amakhala ofiira moderako. Vidiyo sinamuuze zimenezo, inenso sindinamuuze, chifukwa ndinali nditaima pakona manja nditapinda, kusirira.

Ku kalasi inayo ndinazimitsa mawu. Wofotokoza ndinakhala ine, m'Chingerezi chathu chino, apo ndi apo kuponyamo Chichewa ahedi akakhala kutali. Pakangopita kamphindi ndinkaimitsa. Kachitsekoka katseguka kapena katsekeka? Nanga kataleka kutsekeka, magaziwa alowera kuti? Kavidiyo ka mphindi 6 kanadya mapiriyodi awiri, batire n'kutha tisanafike kumapeto, koma ana aja anatuluka akukangana za mtima mpaka pachitsime.

Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Agogo anga akamati "padangotero" ankadikira "tili tonse". Ukapanda kuyankha ankaima, n'kukugwedeza ndi phazi kuti aone ngati wagona. Vidiyo sidikira "tili tonse" wa munthu. Mwana asinze, asokonezeke, aganize za chibwenzi, iyo ikungopita.

Ndipo musaganize kuti ine ndine wa m'gulu loti zonsezi n'za satana. Ndakulira pa vidiyo sho. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999 ine ndili kale mtsikana wamkulu, ndiye tisanaione tinkazembera ku kashedi ka mphasa kuseri kwa msika, kulipira makobidi omwe atituma kukagula mchere. Tinkaonera akarate osamva liwu limodzi. Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa a masiku anowa anaizindikira nkhaniyi kuposa ife a madipuloma. Amalowetsamo mawu awo, kumupatsa Mtchaina dzina la kwathu kuno, kukuuza kuti uyu ndi mdani samala naye, ndipo agogo osadziwa ndi A yemwe amatsatira filimu yonse. Ndimadana ndi zotukwana zomwe ena amaikamo, koma luso lokhalo loima pakati pa chithunzi ndi woonera ndi lomwe ine ndinalisowa tsiku la magazi abuluu lija.

Aphunzitsi a pulayimale akale akukumbukira Tikwere, maphunziro a pa wailesi aja. Mawu a pa wailesi ankasiya mpata, kuuza mphunzitsi wa m'kalasi kuti aimiritse ana, awafunse, alembe pabolodi. Pomwe mphunzitsi ankangoyatsa wailesi n'kukakhala pansi pa mtengo, ana ankangoloweza nyimbo zake basi. Pano kwabwera matabuleti. Anayamba ndi mabungwe a VSO ndi onebillion m'sukulu zochepa, kenako mu 2023 boma linakhazikitsa BEFIT, kuyamba ndi sukulu 500, cholinga n'chakuti ana a sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirapo kuwerenga ndi masamu. Ine ndikuwomba m'manja. Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994 makalasi athu ndi odzaza mwakuti mwana wofatsa amatha chaka mphunzitsi osamudziwa dzina, ndiye kachipangizo komulankhula yekha m'Chichewa ndi mwayi. Koma taonani mmene zilili. Tabuletiyo imagona kusukulu, imatchajidwa ndi sola, ilibe TikTok, ili ndi nthawi yake yoyambira ndi yothera, mphunzitsi ali pomwepo, ndipo siyenda mwana asanayankhe. Wina akadzakuuzani kuti poti boma likupereka matabuleti ndiye inunso mugule foni, mudzamuuze kuti khasu ndi nkhwangwa zonse n'zachitsulo koma salimira nkhwangwa.

Tsono ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga, akwiye akwiye. Kuponya vidiyo pagulu la WhatsApp 9 koloko usiku n'kulemba kuti "ana aonere" sikuphunzitsa. Kumeneko n'kutula katundu pakhomo pa kholo. Ambiri mavidiyowo sitinawaonere n'komwe mpaka kumapeto, tangowalandira kugulu lina n'kukankha. Ndaonapo vidiyo ya masamu ya ku India yowerengera ndalama m'ma rupee ikuzungulira pagulu la ana omwe akuvutika kale ndi Chingerezi chomwe anayamba kuphunziriramo maphunziro onse ali sitandade 5. Nanga mwana yemwe mayi ake ali ndi kafoni ka mabatani? Nanga yemwe foni ya pakhomo pawo ili ku Johannesburg ndi bambo ake? Mawa lake mphunzitsi akuyamba ndi "monga munaonera muja", theka la kalasi lili kukamwa yasa. Ndinkati mwina n'zothandiza apo ndi apo, koma pamene ndikulemba pano ndatsimikiza mtima: vidiyo yomwe mphunzitsi sangathe kuionetsa yekha m'kalasi, ataima pambali pake, asaitumize kunyumba.

Komanso magulu amenewa sakhala a masamu okha. Tonse tikukumbukira Novembala 2020, pomwe mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa n'kumayenda m'mafoni, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Ana anga a fomu 4 omwe anawerenga moona mtima analira ngati pamaliro. Chiyambire pamenepo, nyengo ya mayeso ikayandikira pamatuluka akamberembere ogulitsa mapepala abodza, ndipo amawapeza ana athu kudzera m'manambala omwe ali m'magulu omwewa. Mtsikana wa zaka 12 nambala yake ikakhala pagulu la anthu 60, simungadziwe yemwe akumulembera kumbali.

Za kamzime kanga

Mukuganiza kuti ndinachenjera? Patangopita chaka ndinagwanso, ulendo uno ndi kamnyamata kanga komaliza, kali ndi zaka zitatu. Ndikafuna kuchonga makope mwamtendere ndinkakapatsa makatuni omwe anyamata obena nyimbo anandiikira mu memory card. Kanayamba kuwerenga mpaka 10 m'Chingerezi, apongozi n'kumaitana aneba kuti adzaone mzungu wawo. Inenso mtima unkakoma. Koma mlendo akati "muli bwanji agogo?" kankangomuyang'ana ngati kaona chipukupuku, ndipo ukakalanda foni kankadzigwetsa pansi n'kumalira mpaka kubanika. A World Health Organization anatulutsa malangizo mu 2019 oti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere n'komwe, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kanga kankatha maola atatu ine ndili pa mulu wa makope. Kuletsa kwake kunali ngati kuletsa kuyamwa kachiwiri, sabata yathunthu ya misozi, apongozi akundinena kuti ndine wouma mtima. Amene anakachiritsa ndi ana a aneba ndi galimoto zawo zamawaya.

Tsono yankho lanu

Musagule, mayi. Chaka chino ayi, ndipo cha mawa ali ndi mayeso a sitandade 8, ndiye ayinso. Mavidiyowo azibwera pafoni yanu. Atsitseni masana, zimitsani data, madzulo mukhale naye pamphasa ali ndi kope ndi pensulo. Imitsani pafupipafupi, iye akufotokozereni m'Chichewa zomwe wamva. Musadandaule kuti masamu munaiwala, wosadziwayo ndiye amafunsa bwino, ndipo akakanika kukufotokozerani ndiye kuti funso lokafunsa aphunzitsi mawa lapezeka. Bambo akewo musawatsutse pamaso pa mwana, akambireni kuchipinda, ndipo ndalama ya foniyo muwapemphe igule nyale ya sola ndi mabuku. Mukapita kumsonkhano wa makolo mukafunse mwaulemu kuti ana opanda mafoni akuthandizidwa bwanji.

Kwathu kuno tinaika kabeseni pamwamba pa kabati. Nsima ikafika patebulo mafoni onse amalowa mmenemo, yanga poyamba, ndipo amagona kuchipinda kwathu. Amene amavuta ndi bambo a kunyumba. Tsiku lomwe Bullets yakumana ndi Wanderers amadya msangamsanga ngati akuthawa mvula, kenako mumangomva kabeseni kali gobede, iwo ati akufuna machesi.

Foni ija ndinamubwezera mwini wake mu 2022 atamaliza kulemba MSCE. Inali itakhala m'sutikesi nthawi yaitali mwakuti batire linatupa, osayakanso. Anaitembenuza kawiri, n'kuseka, n'kupatsa mlongo wake kuti aziseweretsa ngati galimoto.