Kodi kutsogolo kwa Camaro ya 1969 kungalowe pa ya 1968?

Funso: Ndili ndi galimoto ya Chevrolet Camaro ya 1968 yophwanyika kutsogolo. Ndapeza boneti ndi mafenda (malata a pamwamba pa matayala akutsogolo) a Camaro ya 1969. Kodi zikwana?

Yankho: Boneti tengani, chifukwa maboneti a 1967, 1968 ndi 1969 amasinthana bwinobwino. Mafenda asiyeni. Mu 1969 Chevrolet inasintha malata a m'mbali. Fenda ya chakachi ili ndi mzere wotukuka wochokera pamwamba pa tayala n'kupitirira pachitseko, ndiye pachitseko cha 1968 mzerewo umangodukira panjira. Kuti zioneke bwino mungafunike kusinthanso zitseko ndi malata akumbuyo, ntchito yodula kuposa phindu lake.

Mafenda a 1967 ndiwo amakwana, kungoti alibe mabowo a timagetsi ta m'mbali timene lamulo la ku America linayamba kufuna mu 1968. Mabowowo mudula nokha, potengera muyeso pa fenda yakale. Samalaninso ngati galimoto yanu ndi ya RS, ya nyali zobisika: tizitseko ta nyali ta 1967 timatseguka ndi timamota tamagetsi, pomwe ta 1968 timadalira vacuum, mphamvu yokoka mpweya yochokera ku injini.

Pomanga, yambani mwawongola zitseko kuti zigwirizane ndi malata akumbuyo, kenako mafenda, boneti pomaliza. Mabawuti musamangitse mpaka mipata yonse ifanane, pafupifupi mamilimita 4 kapena 5, ndipo pomwe fenda yatsika ikani timalata topyapyala pansi pake. Penti ibwere mutayesa zonse, apo ayi fenda idzakanda chitseko potsegula.